Chifukwa chake osewera mpira okonda amuna anzawo amasankha kukhala chete

Pa Njuli m'boma la Chiradzulu, malo a malonda amene ali m'mphepete mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, mpira wa ku England ndi wodziwika ngati wa pakhomo. Monga zilili m'malo ambiri a malonda m'dziko muno, Loweruka ndi Lamulungu anthu amadzaza m'zipinda zoonetsera mpira, ndipo wogwira ntchito yoswa miyala ku kwale, wakabaza ndi mwana wasukulu amapanikizana pa benchi limodzi kukangana za Arsenal, Chelsea, Liverpool ndi Manchester United.

Kwa zaka zingapo, chakumapeto kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala, oonera mpirawa akhala akuona zachilendo pa kanema: makaputeni atavala kansalu ka mitundu ya utawaleza pamkono, timbendera ta pakona ta mitundu yomweyo, ndi osewera ena atamanga nsapato ndi zingwe zamawangamawanga. Iyi idali kampeni ya Rainbow Laces, imene bungwe la Stonewall lidayambitsa mu 2013 pofuna kuthetsa kunyoza ndi kusala anthu okonda amuna kapena akazi anzawo m'masewero. Ligi ya Premier idathetsa mgwirizano wake ndi bungweli mu 2025, koma nkhani imene idabala kampeniyi ikadalipo.

Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zonsezi palibe wosewera ndi mmodzi yemwe amene adabwerapo poyera kunena kuti amakonda amuna anzake akusewera mu ligi ya Premier. Kuno kwathu nakonso palibe wosewera wa mu Super League kapena wa timu ya Flames amene adalengezapo zotere. Ena amati kukhala chete kumeneku ndi umboni woti anthu oterewa mu mpira mulibe. Mbiri ya ochepa amene adayankhula ikuonetsa zina. Wosewera amatseka pakamwa chifukwa adawerengetsera zimene angataye akayankhula, ndipo kukula kwa zimene angatayezo kumadalira lamulo la dziko lake, khalidwe la ochemerera ndi maganizo a amene amamulipira.

Phunziro lowawa la Justin Fashanu

Aliyense wofuna kumvetsa mantha a osewerawa amayambira pa Justin Fashanu, amene adabadwira ku London kwa bambo wa ku Nigeria ndi mayi wa ku Guyana. Adatchuka ku Norwich City, makamaka ndi chigoli chimene adamwetsa Liverpool mu 1980, ndipo mu 1981 timu ya Nottingham Forest idamugula pa mtengo wa mapaundi 1 miliyoni. Iye adali wosewera wachikuda woyamba kugulidwa pa mtengo wotere ku England.

Ku Forest zinthu sizidamuyendere. Mphunzitsi wa timuyo, Brian Clough, adalemba yekha m'mbiri ya moyo wake kuti adamukalipira mnyamatayu atamva kuti amapita ku malo achisangalalo a amuna okondana okhaokha. Zigoli zidauma, bondo lidavulala, ndipo nyenyezi imene anthu ankayembekezera idayamba kuzirala.

Mu Okutobala 1990, Fashanu adaulula m'nyuzipepala ya The Sun kuti amakonda amuna anzake, n'kukhala wosewera mpira wolipidwa woyamba kutero. Ochemerera adamusandutsa nyimbo m'mabwalo. Mng'ono wake John, yemwenso adali wosewera wotchuka, adamukana pagulu, ndipo patapita zaka zambiri adavomereza kuti adalonjeza kumupatsa mapaundi 75,000 kuti asaulule. Kuchokera apo Justin adangoyendayenda m'matimu osiyanasiyana ku England, ku Scotland ndi maiko ena. Mu 1998, mnyamata wa zaka 17 ku Maryland m'dziko la America adamunenera kupolisi kuti adamugwiririra. Fashanu adabwerera ku London komwe adadzipha mu Meyi chaka chomwecho ali ndi zaka 37, ndipo m'kalata imene adasiya adakana mlanduwo, n'kunena kuti sakadaweruzidwa mwachilungamo.

Osewera anzake adaona zonsezi ndipo adatolapo phunziro. Padapita zaka 32 kuti wosewera wina wamwamuna wolipidwa ku England achite zimene Fashanu adachita.

Ochepa amene adatsatira

Wosewera wa ku America, Robbie Rogers, adaulula mu Febuluwale 2013 ndipo tsiku lomwelo adalengeza kuti wasiya mpira, ngakhale adabwereranso patapita miyezi itatu kukasewera ku LA Galaxy. Thomas Hitzlsperger, amene adasewerapo ku Aston Villa, Stuttgart ndi timu ya dziko la Germany, adadikira kaye kupuma pa mpira asadayankhule mu Januwale 2014. Awiriwa adaonetsa chimodzimodzi: chinsinsi chimapepuka kuulula munthu akachoka m'chipinda chosinthira zovala.

Mu Okutobala 2021, Josh Cavallo wa timu ya Adelaide United ku Australia adabwera poyera akadasewerabe mu ligi yaikulu ya dziko lake. Anzake ndi akuluakulu a timu adamuikira kumbuyo, koma patangopita miyezi itatu ochemerera ena a Melbourne Victory adamutukwana pabwalo mpaka timu yawo idalipitsidwa chindapusa. Mu 2025 Cavallo adati akulandirabe mauthenga omuopseza kuti aphedwa. Mu Meyi 2022, Jake Daniels wa Blackpool, ali ndi zaka 17, ndiye adatseka mpata wa zaka 32 uja ku England, ndipo mu Febuluwale 2023 Jakub Jankto wa dziko la Czech adakhala woyamba kuulula pakati pa amuna amene ankasewerabe m'timu yaikulu ya dziko lawo.

Mu Africa muno dzina lodziwika ndi la goloboyi Phuti Lekoloane wa ku South Africa, amene adabwera poyera zaka pafupifupi khumi zapitazo akusewera m'ligi yaing'ono. Iye wakhala akufotokoza kuti matimu ena adakana kumulemba atadziwa za moyo wake, ngakhale luso lake pagolo ankalivomereza.

Bungwe la FIFPRO limaimira osewera olipidwa oposa 60,000 padziko lonse. Pa chinamtindi chotere, amuna amene adaulula akusewera m'maligi akuluakulu ndi owerengeka ndi zala. Pa mpikisano wa World Cup wa amuna ku Qatar mu 2022 padalibe ndi mmodzi yemwe, pomwe pa wa amayi ku Australia ndi New Zealand mu 2023, nyuzipepala ya pa intaneti ya Outsports idawerenga osewera oposa 80 amene sabisa. Kusiyana kotere ndi chizindikiro chakuti mpira wa amuna uli ndi mpanda wake umene anthu amaopa kuulumpha.

Lamulo la dziko lino

Kwa wosewera wa ku Malawi, mpanda woyamba ndi lamulo. Gawo 153 la malamulo a zilango limapereka chilango cha zaka 14 kundende kwa munthu wopezeka wolakwa pa kugonana kumene lamulolo limati n'kosemphana ndi chilengedwe. Gawo 154 limapereka zaka 7 kwa woyesera kutero, ndipo gawo 156 limapereka zaka 5 kwa amuna ochita zimene limati n'zolaula pakati pawo, kaya pagulu kaya mseri. Magawo amenewa adabwera ndi atsamunda a ku Britain cha m'ma 1930, ndipo eni ake adayamba kuwachotsa kwawo mu 1967. Gawo 137A, lokhudza amayi okhaokha, ndi la kuno: Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu 2010 ndipo Bingu wa Mutharika adalisainira mu 2011.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti malamulowa amalanga mchitidwe. Kungonena kuti munthu amakonda amuna anzake si mlandu paokha. Komabe amene wanena zotere pagulu wadziika pa diso la apolisi, la oyandikana naye ndi la aliyense wofuna kumudyera ndalama pomuopseza kuti amuneneza.

Amalawi ambiri akukumbukira zimene zidachitikira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene adachita chinkhoswe ku Chirimba mumzinda wa Blantyre mu Disembala 2009. Adamangidwa patangopita masiku awiri, ndipo pa 20 Meyi 2010 bwalo la majisitireti lidawalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito ya kalavulagaga. Mutharika adawakhululukira pa 29 Meyi atakumana ndi mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon, koma adanenetsa kuti sakugwirizana ndi zimene adachita. Pambuyo pake Chimbalanga, amene amadzitenga kuti ndi mkazi, adakapeza malo othawirako ku South Africa.

Kuyambira nthawi imeneyo boma lakhala likupita uku ndi uku. Mu 2012, mu ulamuliro wa Joyce Banda, kudamveka kuti apolisi ayamba aleka kumanga anthu pa milanduyi, ndipo mu Disembala 2015 nduna ya zachilungamo Samuel Tembenu idatsimikiza zimenezo. Mu 2016 bwalo lalikulu ku Mzuzu lidaimitsa ganizolo atsogoleri ena a mipingo atakadandaula. Mu Julayi 2023, Akhristu ndi Asilamu zikwizikwi adayenda m'misewu ya Blantyre motsogozedwa ndi Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Kenako pa 28 Juni 2024, oweruza atatu a bwalo lounika za malamulo aakulu a dziko adakana pempho la Jan Willem Akster wa ku Netherlands ndi Jana Gonani loti magawo aja athetsedwe, ndipo adati amene sakukhutira nawo akapemphe Nyumba ya Malamulo kuti iwasinthe.

Maganizo a anthu nawonso ali mbali yomweyo. Pa kafukufuku wa Afrobarometer amene adachitika m'maiko 33 mu 2014 ndi 2015, Amalawi 6 okha pa 100 aliwonse ndiwo adati sangavutike kukhala moyandikana ndi munthu wogonana ndi amuna kapena akazi anzake. Ku Mozambique, komwe malamulo otere adachotsedwa mu 2015, adali 56 pa 100 aliwonse, pomwe ku South Africa adali 67. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2018 lidafotokoza za anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe amene adamenyedwa, kutsekeredwa popanda mlandu kapena kunyozedwa kuchipatala, ndipo ambiri mwa iwo ankaopa kukadandaula kupolisi.

Makwerero a mnyamata wa pa Njuli

Mnyamata amene akukankha chikulunga pa bwalo la fumbi ku Njuli amadziwa makwerero amene ali patsogolo pake. Amayambira timu ya m'mudzi ndi zikho za aphungu, kenako ligi ya chigawo cha kummwera, ndipo mwayi ukamugwera, Bullets kapena Wanderers ku Blantyre, ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi. Pa khwerero lililonse pali munthu amene angamutsekere khomo popanda kupereka chifukwa: mphunzitsi wosankha timu, mkulu wa komiti, wothandiza timu ndi ndalama, ngakhalenso gulu la ochemerera limene m'matimu akuluakulu liwu lake limamveka mpaka ku ofesi.

Ngati mnyamata wotereyu ali ndi chinsinsi cha mtundu umenewu, amayamba kuphunzira kubisa asadafike n'komwe m'ligi. Kunja kwa bwalo kumachokera mawu amene anthu amawayesa nthabwala. Wosewera akaopa kulimbirana mpira amamutcha mkazi, ndipo akaphonya penate wina amafuula kuti ndi wamathanyula. Liwu limeneli n'lolemera kuposa momwe ofuulawo amaganizira, chifukwa m'makutu mwa Amalawi ambiri limabweretsa chithunzi cha zochitika kundende ndi cha akuluakulu ogwiririra ana. Potero limasakaniza mlandu wa nkhanza ndi ubwenzi wa anthu awiri aakulu msinkhu, zinthu zimene n'zosiyana ngakhale kwa munthu amene amadana nazo zonse.

Chipinda chosinthira zovala nacho chili ndi malamulo ake osalembedwa. Osewera amagona chipinda chimodzi kukampu, amasamba malo amodzi, ndipo amayenda maola ambiri pa basi imodzi kupita ku Karonga kapena ku Mzuzu. Macheza ake amakhala a zibwenzi ndi akazi, ndipo wosalowerera amafunsidwa mafunso. Hitzlsperger ndi Cavallo onse adafotokozapo kulemera kwa moyo wonamizira pakati pa anthu amene umakhala nawo tsiku ndi tsiku.

Palinso china chimene ndi chathuchathu. Matimu ambiri amene akhala akusewera mu Super League ndi a nthambi za boma. Kamuzu Barracks, Moyale Barracks, Mafco ndi Red Lions ndi a asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, Civil Service United ndi ya ogwira ntchito m'boma, ndipo Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya dziko lino. Kwa osewera ambiri m'matimu a asilikali ndi apolisi, mpira ndi yunifolomu zimayendera limodzi. Wosewera wa Blue Eagles amene angaulule ndiye kuti akuululira bwana amene ntchito yake ndi kumanga ophwanya gawo 153. Pamenepo zimene angataye zikuposa malo ake m'timu: ndi ntchito, nyumba, penshoni ndi sukulu ya abale amene amadalira malipiro ake.

Kumene bala likuonekera kale

Wina angati popeza palibe wosewera wa kuno amene adaulula, ndiye kuti nkhaniyi sikupweteka aliyense. Mpira wa amayi ukutsutsa zimenezo. Mtsikana wamphamvu, wothamanga, wometa tsitsi lalifupi ndi wokonda kabudula amakumana ndi manong'onong'o awiri: ena amati ndi mwamuna, ena amati amagona ndi akazi anzake. Manong'onong'owa safuna umboni, ndipo amagwera aliyense posatengera kuti moyo wake ndi wotani. Makolo ena amaletsa ana awo aakazi kusewera mpira poopa mbiri yomweyi.

Mu 2021, Tabitha Chawinga, mmodzi mwa osewera opambana amene dziko lino lidatulutsapo, adauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ali ndi zaka 13 adakakamizidwa kuvula pamaso pa timu imene ankapikisana nayo kuti atsimikize kuti ndi mtsikana, ndipo zidachitikanso akusewera m'timu ya DD Sunshine ku Lilongwe. Iye adapempha akuluakulu a mpira kuti ateteze atsikana ku nkhanza zotere. Nkhani ya Tabitha sikukhudza za amene munthu amamukonda, koma muzu wake ndi womwewo: chikhulupiriro chakuti khamu la pabwalo lili ndi ufulu woweruza thupi ndi moyo wa wosewera amene sakuoneka momwe ilo likufunira.

Mwana amene adavulidwa uja ndi yemwe adadzamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy mu 2023 ali ku Inter Milan, asadapite ku Paris Saint-Germain ndi Lyon. Mng'ono wake Temwa adathandiza Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023 ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Akadagwa ulesi ndi chipongwe cha pabwalo, dziko likadataya zonsezi osadziwa n'komwe. Ku Zambia, Barbra Banda sadasewere nawo mpikisano wa amayi wa mu Africa mu 2022 chifukwa cha mkangano wa zoyeza m'thupi, ndipo atapambana mphoto ya BBC mu 2024 adalandira chipongwe chosaneneka pa intaneti.

Kumene manong'onong'o otere angafike kudaoneka ku South Africa. Eudy Simelane, amene adasewerapo m'timu ya dziko ya Banyana Banyana ndipo sankabisa kuti amakonda akazi anzake, adagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema pa 28 Epulo 2008. Amuna awiri adapezeka olakwa mu 2009. Izi zidachitika m'dziko limene malamulo ake aakulu a mu 1996 amaletsa tsankho lotere, limenenso lidavomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2006. Lamulo likhoza kusintha mitima ya anthu isadasinthe. Koma m'dziko lomwelo Portia Modise, woyamba mu Africa kumwetsa zigoli 100 m'timu ya dziko, ndi kaputeni Janine van Wyk adasewera mpaka kupuma osabisa moyo wawo.

Chikhulupiriro ndi ufulu wokana

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya osewera amene chipembedzo chawo sichiwalola kuvala chizindikiro cha utawaleza, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mu Africa. Mu Meyi 2022, Idrissa Gueye wa ku Senegal sadasewere pamene Paris Saint-Germain inkakumana ndi Montpellier pa tsiku limene manambala a pa jezi adali a utawaleza. Ku France adamudzudzula, koma mtsogoleri wa dziko lake pa nthawiyo, Macky Sall, adati chikhulupiriro chake chilemekezedwe. Mu 2024, Mohamed Camara wa ku Mali adaletsedwa kusewera masewero anayi atamata chizindikiro cha kampeniyi pa jezi yake ya Monaco. Chakumapeto kwa chaka chomwecho ku England, kaputeni wa Ipswich Town, Sam Morsy wa ku Egypt, adakana kuvala kansalu ka utawaleza, pomwe Marc Guehi wa Crystal Palace adakavala atalembapo uthenga wonena kuti amakonda Yesu.

Amalawi ambiri opemphera adaona osewerawa ngati ngwazi, ndipo funso limene amafunsa ndi lomveka: ngati mpira ukulalikira ufulu, bwanji ukulanga munthu chifukwa chotsatira chikumbumtima chake? Amalozanso kuti FIFA yomweyo imene imaletsa tsankho idapereka World Cup ya 2022 kwa Qatar ndi ya 2034 kwa Saudi Arabia, maiko amene malamulo awo pa nkhaniyi ndi okhwima. Ku Qatar, matimu 7 a ku Ulaya adasiya ganizo lovala kansalu ka OneLove FIFA itaopseza kuti makaputeni awo alandira khadi yachikasu, ndipo osewera a Germany adajambulitsa atagwira pakamwa asadakumane ndi Japan.

Mkangano wa zizindikirowu umaphimba kusiyana kwa zinthu ziwiri. Kukana kuvala kansalu ndi kusankha kwa munthu pa thupi lake. Kutukwana mnzako pabwalo, kumuchotsa m'timu chifukwa cha mphekesera, kapena kumuvula zovala pagulu ndi kuchitira wina nkhanza. Munthu akhoza kugwiritsa chiphunzitso cha mpingo kapena mzikiti wake pa za ukwati n'kukanabe nkhanza zoterezi. Ngakhale katekisimu wa mpingo wa Katolika, umene suvomereza mchitidwewu, amalamula kuti anthu oterewa alandiridwe mwaulemu ndipo asasalidwe mopanda chilungamo.

Zimene malamulo a mpira akunena

Bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno la FAM ndi membala wa FIFA, choncho limamangidwa ndi malamulo a bungwelo. Gawo 4 la malamulo aakulu a FIFA limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, chilankhulo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, komanso chifukwa cha amene amamukonda, ndipo chilango chake chikhoza kufika poimitsidwa kapena kuchotsedwa m'bungwelo. Malamulo a FIFA osungitsa mwambo amati wosewera kapena mkulu wa timu wonyoza mnzake motere aletsedwe masewero osachepera 10. Woyimbira adapatsidwa mphamvu zochita zinthu zitatu motsatizana ochemerera akayamba nyimbo zatsankho: kuimitsa masewero ndi kuchenjeza, kutulutsa matimu m'bwalo kwa kanthawi, ndipo zikapitirira, kuthetseratu masewerowo.

Maiko ena adalawapo kale chilangochi. Mexico idasewera ndi Jamaica m'bwalo lopanda anthu mu Seputembala 2021 chifukwa cha liwu lonyoza limene ochemerera ake amafuula goloboyi wa adani akamamenya mpira. Ku England, timu ya Wolverhampton Wanderers idalipitsidwa mapaundi 100,000 mu 2023 chifukwa cha nyimbo imene ochemerera ake adaimbira Chelsea.

Apa ndi pamene pali mpata umene mpira wa ku Malawi ungagwiritse ntchito popanda kulowerera mkangano wa maukwati. Kusintha kapena kusunga gawo 153 ndi ntchito ya aphungu, monga bwalo lidanenera mu 2024, ndipo FAM ilibe mphamvu pa zimenezo. Koma palibe lamulo la dziko lino limene limaloleza kutukwana, kumenya kapena kuvula munthu chifukwa chomuganizira. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo silipatula wina. Zimene zili m'manja mwa FAM, bungwe la Sulom ndi mabungwe a m'zigawo ndi zodziwika: kulemba momveka kuti kunyoza kotere ndi mlandu pabwalo monga kulili kugenda miyala, kuphunzitsa oyimbira ndi aphunzitsi a matimu a ana, kuletseratu kuyeza thupi la mtsikana pabwalo, ndi kukhala ndi munthu amene wosewera angamudandaulire mwachinsinsi osaopa kuti mawa nkhani yake ikhala pa Facebook.

Zoterezi sizingachititse wosewera wa kuno kubwera poyera mawa, ndipo palibe amene ayenera kukakamizidwa kutero pomwe chilango cha zaka 14 chikadali m'mabuku. Opindula oyamba ndi ena: mtsikana amene makolo ake akuzengereza kumugulira nsapato za mpira, mnyamata wofatsa amene watopa ndi kutchedwa maina, ndi timu imene ikutaya luso chifukwa cha mphekesera. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mphekesera ya pabwalo siisankha mwana wa yani. Malamulo a FIFA alipo kale ndipo FAM idawavomereza. Chatsala ndi kuona ngati woyimbira wa pa Kamuzu Stadium kapena pa bwalo la m'boma adzaimitse masewero tsiku limene khamu lidzayambe nyimbo yotere, ndiponso ngati akuluakulu ake adzamuikire kumbuyo.